Mphika wa Malemu Bambo ndi Tomato wa a Kaputeni

Algiers, New Orleans
29 Januwale 1961

Amayi anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, makamaka bondo lija, ngati lasiya kulira mukamagwada m'tchalitchi. Ine kuno ndili bwino thupi lonse, kungochotsapo zikhato zomwe zatuluka matuza chifukwa cha zingwe. Kalata iyi ndalemba ndekha, palibe wandigwira dzanja. Iwe Eulalie mlongo wanga, uwawerengere Amayi pang'onopang'ono, ndipo usaonjezeremo mawu ako.

Ntchito ndinaipeza monga ananenera amalume a Valsin. Boti lathu ndi laling'ono koma mphamvu ngati ng'ombe yapagoli. Limakankha ngalawa za mchere ndi shuga kuchoka kuno mpaka ku Morgan City n'kubwerera. Ine ndine wazingwe: kumanga, kumasula, ndi kukalipiridwa.

Mphika wa malemu Bambo unafika bwino. M'basi ndinaufukata pamiyendo ngati khanda, ndipo miyendo inachita dzanzi tisanafike n'komwe ku Opelousas. Nditakwera nawo m'boti, a Kaputeni Perilloux anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anayang'ana mphikawo. Akuti, "Iwe wa ku Mamou, nangula tili naye kale." Onse anafa nacho chiseko. Ine mumtima ndinangokumbukira mawu anu aja, oti munthu wokhala ndi mphika sagona ndi njala. Pano uli pansi pa bedi langa, ndaukulunga m'thumba. Malamulo anu atatu a mphikawu sindinaiwale: usalawe sopo, usagwidwe ndi mlendo, usaone tomato.

Tsono Amayi, khalani pansi musanamve izi. Lachinayi wophika wathu, a Hypolite, anati akuphika jambalaya. Ndinapita kukasuzumira. Nyama sanaidikire n'komwe kuti ikakamire pansi. Anangotsegula zitini ziwiri za tomato n'kukhuthulira mumpunga, uku akuimba mluzu ngati palibe choipa chikuchitika. Wofiira, Amayi! Psuu! Zimene munkanena za anthu a m'tauni zija ndi zoona. Ine ndinadya buledi ndi khofi. Sal, mkulu wina wonenepa amene amayang'anira injini, anandifunsa kuti, "Mphwanga, wadwala?" Ndinati ndi dzino.

Ndaika kangachepe m'kalatamu, mugule mankhwala opaka pabondo. Nsapato zanga za kutchalitchi Adras asabwereke, ngakhale akhale mlamu wanga mawa lino. Phazi lake lija ndi la anthu awiri.

Ndine mwana wanu,
Ozeme

Morgan City
19 Febuluwale 1961

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amoyo ndi amphamvu, inu ndi Eulalie ndi nkhuku zomwe. Ine ndili bwino, matuza anapola, ndipo sadzabweranso chifukwa zingwe ndinasiya. Ndakwezedwa, Amayi. Mwana wanu ndi wophika wa boti lonse!

Zinayenda chonchi. A Hypolite anatsika kuno kukagula anyezi. Anyeziwo amagulitsa mayi wina wamasiye. Mpaka lero sanabwerere, anangotuma ngolo kudzatenga zovala zawo ndi miphika yonse, poti inali yawoyawo. Masiku awiri tinadya mabisiketi ndi nsomba za m'chitini. Tsiku lachitatu Sal anati, "Kodi nangula wa mwanayu sangaphike?"

Ndinachita monga ankachitira Bambo. Nkhumba ndi soseji ndinazikazinga mpaka zinakakamira pansi n'kuda, pafupi kupserera koma osapserera. Kenako anyezi, tsabola wobiriwira, madzi pang'ono opalira zokakamirazo, mpunga, tsabola wowawa, chivundikiro phi. Fungo litafika pamwamba, a Kaputeni anatsika n'kutambasula dzanja kuti avundukule. Amayi, simukhulupirira. Ndinawagwira dzanja. Ineyo! Ndinati, "Pepani bwana, ukavundikiridwa ngakhale abambo mfumu savundukula."

Anadya mbale zitatu. Atapukuta ndevu anati, "Wa ku Mamou, kuyambira lero khitchini ndi yako. Koma tandiuza, chimene ndadyachi dzina lake n'chiyani?"

"Jambalaya, bwana."

"Usandiseketse ndingatsamwidwe. Uwu ndi mpunga wogwera m'matope. Kukoma ukukoma, sindikana, koma ndi wamatope. Jambalaya amakhala wofiira ngati nkhope ya Sal akamakwera makwerero."

Apo ndiye mkangano unabuka. A Kaputeni akuti dzinali linachokera ku mawu achifalansa otchulira ntchafu ya nkhumba, anawauza ndi agogo awo, ndipo agogo awowo sananamepo kupatula pa zaka zawo. Sal akuti bodza, chakudyachi chinabwera ndi Asipanya, atasowa zokometsera zachikasu zakwawo anathira tomato, ndiye wofiira ndi mkulu, wathuyu ndi mphwake wosauka. Lucien, amene walowa m'malo mwanga pazingwe, akuti nonse mukubwebweta, mchira wa dzinali ndi mawu a ku Afirika otanthauza mpunga, chifukwa amene ankaima pamoto ndi makolo ake, agogo a a Kaputeni ankangokhala pampando kudikira mbale. Anakangana mpaka khofi anazizira. Kenako onse anatembenukira kwa ine: "Nanga kwanu amati chiyani?" Ndinati kwathu sitinafunsepo, mbale ikafika pakamwa pamakhala potanganidwa. Kodi Bambo ananenapo za dzinali, Amayi? Ndikufuna ndikhale ndi choyankha.

Pali kanthu kena kakang'ono. A Kaputeni akuti chimerereni mano sanaphonyepo jambalaya wofiira Lachinayi, ndipo sayamba kuphonya chifukwa cha mwana wa ku Mamou. Masiku ena onse ndiphike matope angawo, koma Lachinayi akufuna kuona kufiira, apo ayi basi yopita kwathu amaidziwa pokwerera. Kuzingwe kulinso munthu kale. Ndipo m'boti muno mphika ndi umodzi.

Musade nkhawa. Ndipeza nzeru. Ndikudziwa kuti ukwati wa Eulalie ukudalira ntchito inoyi.

Mwana wanu,
Ozeme, wophika

Algiers
5 Malichi 1961

Amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Ntchito ikadalipo. Kuno kukugwa mvula.

Zikomo poyankha za dzina lija. Ndawauza anzanga kuti Bambo ankati wofunsa dzina la chakudya ndiye kuti wakhuta, apatse ena mbale. Lucien anaseka. A Kaputeni sanaseke.

Mwafunsa kuti za Lachinayi zinatha bwanji. Zinatha.

Amayi, ndili ndi funso, koma si langa. Pali mnzanga wina wa boti lina, inu simukumudziwa. Iyeyu ali ndi mphika wachitsulo wofanana ndi wathu, kungoti ndi wake. Tsono mphika wakewo wayera m'kati. Kuda kuja kwachoka, watuwa ngati bulu, ndipo pena ndi pena patuluka timadontho ta dzimbiri. Mpunga ukumakakamira, ukumamvekanso ngati wanyambita msomali. Mnzangayo sakudya bwino, akungokhala pamakwerero atagwira tsaya. Kodi mphika wotere umachira? Zimatenga masiku angati? Muyankhe msanga, chifukwa ndi munthu wabwino, sanachitire dala zonse.

Wathu uli bwino. Ukupereka moni.

Eulalie, ukamawerenga apa usapange nkhope ija.

Ozeme

Morgan City
19 Malichi 1961

Amayi anga okondedwa,

Ndathokoza Mulungu kumva kuti bondo lachepa ukali. Ine ndili bwino, kungoti tulo tikuvuta pang'ono, mwina ndi khofi.

Malangizo anu ndamufikitsira mnzanga uja mmene munanenera: akwechese ndi mchere, aumike pamoto, apake mafuta a nkhumba, aotche, kenako azikazingiramo zamafuta tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Wayamba kale. Koma pamene munati kuda kwenikweni kumatenga zaka makumi atatu, anakhala pansi kaye. Zija munati akalape kwa abambo mfumu ndamuuzanso.

Mwafunsa dzina lake. Ndi Jean. Mwafunsanso kuti ndi mwana wa yani, mayi ake ndani. Mayi ake ali ku Texas. Kutali kwambiri, mkati mwenimweni. Sangadziwike.

Nkhani ya ukwati ndaimva ndi chimwemwe, pa 15 Epulo. Ine sinditha kubwera, boti lidzakhala pa ulendo ndipo wophika sachoka. Eulalie andikhululukire. Ndatumiza ya nsalu ya diresi, asasankhe yodula ija ya m'windo.

Tsono mwati amalume a Valsin abwera pa 9 Epulo kudzatenga mphika, chifukwa palibe mwana wa banja lathu la Fuselier anakwatiwapo popanda jambalaya wa mumphika umenewu. Ndi zoona. Koma ndimaganiza, Amayi, matayala a galimoto ya amalume ndi otha, ndipo mphikawu mukuudziwa kulemera kwake. Bwanji mubwereke wa azakhali a Noemie? Ndikudziwa kuti simulankhulana chiyambire nkhani ya bakha ija, koma ino ndi Lenti, nyengo yokhululukirana. Kapenanso ukwatiwo utasunthidwa pang'ono, mwina Ogasiti. Adras sathawa, ndi mapazi amenewo angafike kuti?

Kuno masiku ano tikudya zokazinga kwambiri. M'mawa nyama yamafuta, masana zikopa za nkhumba, madzulo nyama yamafuta. Ndikuchita izi pofuna kumulimbikitsa Jean, kuti asamve ngati ali yekha. Dzulo a Kaputeni anayang'ana mbale yawo nthawi yaitali n'kufunsa ngati nkhumba zinandilakwira.

Mwana wanu wokukondani,
Ozeme

Algiers
2 Epulo 1961, Pasaka

Amayi anga,

Ambuye auka, ndipo ndikhulupirira inunso mwadzuka bwino. Ine m'thupi ndili bwino. Eulalie, iyi uwerenge yonse, usadumphe, ndipo chotsa kaye mthiko pafupi ndi Amayi.

Kulibe Jean. Ku Texas kulibe mayi aliyense. Ndine.

Dzulo ndinakalapa. Abambo mfumu akuno ndi okalamba, ndipo malankhulidwe awo ndi akwathu, akuti anabadwira ku Ville Platte. Nditafotokoza anati, "Mwana wanga, za tomato m'malamulo khumi mulibe. Koma kunamiza mayi ako mulimo. Ukawalembere." Ndinayamba kudzuka, ndiye ndinamva akunong'ona kuseri kwa kawindo: "Zitini zingati?" Ndinati ziwiri. Anati, "Mumphika wachitsulo?" Ndinati eya. Anapuma mozama n'kundionjezera Tikuoneni Maria asanu.

Tsono imvani zonse. Lachinayi lija ndinaima ndi chitini m'manja mpaka mkono unatopa. Ndinaganiza za basi, ndinaganiza za diresi la Eulalie. Ndinathira nditatsinzina. Ndinati ndikangopakula nditsuka msanga, mphika sudziwa n'komwe. Koma a Kaputeni anati wotsalayo ndimusiye momwemo, amakoma akagonera. Anagonera kawiri. Loweruka ndinatsika kukagula mpunga, ndipo Sal, pofuna kundithandiza, anatenga mphika kupita nawo ku injini. Anaukwecha ndi sopo ndi burashi ya waya imene amatsukira zitsulo zake. Ndikubwera anandichingamira akumwetulira mpaka m'makutu. Akuti, "Mphwanga, taona! Litsiro la zaka ndi zaka ndalichotsa lonse. Amayi ako akandipsompsona." Tomato, mlendo, sopo. Malamulo onse atatu m'masiku atatu, Amayi. Ndinakalowa mosungira mbatata n'kutseka chitseko.

Lachinayi lililonse lotsatira ndinkaphikira wofiira m'chidebe cha khofi, pang'onopang'ono, kawiri. A Kaputeni ankangoti mwana iwe dzanja lako labwerera m'mbuyo.

Sabata yatha analephera kupirira. Anaponya foloko. "Wa ku Mamou! Masiku khumi ndi awiri ndikudya mafuta. Lamba wanga wasowa bowo. Lucien akaponya chingwe chikumuterereka. Ukufuna kutipha kuti boti likhale lako?" Ndinayesa kuyankha koma kunatuluka misozi, pamaso pa anthu onse. Kenako ndinanena zonse, za Bambo, za ukwati, za pa 9.

Sal anavula chipewa. A Kaputeni anafunsa, "Mayi akowo ndi aatali bwanji?"

Ndinati, "Amandilekeza paphewa, bwana."

Akuti, "Mayo ine. Aafupi ndiye oopsa. Anga analinso choncho." Anaimirira n'kulamula: "Kuyambira lero mpaka pa 9, boti lino likudya zokazinga katatu pa tsiku. Lachisanu nsomba, koma yokazinga. Wofiira wanga ndamuimika kaye. Sal, iwe uzidya mbale ziwiri, ndiwe unakwecha."

Sal anati, "Bwana, mtima wanga dokotala anati..."

"Dokotala wako ali ndi mphika?"

Ndiye tikukazinga, Amayi. Wayamba kuda. Sunafike pa kuda kwa Bambo, koma bulu uja wachoka. Dzulo ndinaswera dzira, linatsetsereka theka, theka linakana.

Chilango chilichonse ndilandira. Chokhacho musauze azakhali a Noemie.

Mwana wanu wolakwa,
Ozeme

Morgan City
9 Epulo 1961

Amayi,

Moni mwachangu, amalume akuliza hutala. Ndili bwino. Kalata iyi ibwera m'thumba mwawo pamodzi ndi mphika.

Yankho lanu sindinalandire. Ndikudziwa kuti positi siinachedwe.

Amalume atafika anauzondotsa, anaugogoda ndi chala, analowetsamo mutu wonse n'kununkhiza. Boti lonse linaima mzere ngati pamaliro, Sal ali kumbuyo kwa Lucien, ngakhale Lucien sangabise ngakhale mwendo umodzi wa Sal. Amalume anatulutsa mutu n'kunena kuti, "Ine ndine wonyamula chabe. Woweruza ali kunyumba, ndipo chiyambire Lachitatu akungosesa pabwalo pomwe asesa kale."

A Kaputeni apereka soseji ya ukwati, akuti ndi chipepeso cha boti. Ilibe tomato, ndaifufuza.

Eulalie, ukwatiwe bwino mlongo wanga. Amalume asavundukule msanga, amakonda kusuzumira.

Ozeme

Algiers
30 Epulo 1961

Amayi anga okondedwa,

Ndikufunsa za moyo wanu ndi mtima wopepuka, poti amalume andiuza kuti paukwati munavina mpaka bondo linaiwala kuti limadwala. Ine ndili bwino. Sal ali bwinonso, dokotala wamuletsa nkhumba mpaka Khirisimasi.

Amalume anafika Lachiwiri. Nditaona akutsitsa thumba lija m'galimoto ndinaganiza kuti ndi mbatata. Sindinayembekeze kuuonanso mphikawu, Amayi. Ndinkati muubisa pansi pa bedi lanu mpaka ndidzamere imvi.

Andifotokozera zonse, uku akudya. Akuti anthu anadya mpaka kupala pansi, ndipo azakhali a Noemie, amene anabwera osaitanidwa, anatenga mbale yachiwiri n'kunena kuti dzanja la malemu likadali mumphikamu. Anthu atapita munautsuka nokha ndi madzi otentha, munayendetsa chala m'kati kuzungulira konse, n'kunena kuti, "Wada, koma kuda uku si kwa mwamuna wanga Telesmar. Uku ndi kwa mwana wake. Kamubwezereni, wauvutikira." Amalume ponena izi anali ndi mpunga m'kamwa, komabe ine ndinakalowanso mosungira mbatata muja kanthawi.

Uthenga wanu wachiwiri anaunena pamaso pa a Kaputeni, mawu ndi mawu, ataimirira ngati akuwerenga m'tchalitchi: kuti mphika ndi wanga tsopano, koma tomato akadzaugundanso mudzabwera nokha pa basi, ndiponso kuti chofiira chimene amadya anthu a m'tauni achitche dzina lililonse limene akufuna, koma pakhomo panu chisadzatchedwe jambalaya. A Kaputeni anamvetsera chipewa chili m'manja. Atatha anati, "Kawauzeni mayiwo kuti pakhomo pawo sindidzatsutsa. Koma pano ndi pamadzi."

Tsiku lomwelo anatsika okha n'kubwera ndi mphika wina, woyera, wopakidwa zonyezimira m'kati, umene tomato sauluma. Akuti, "Uwu ndi wa Akhristu a m'tauni. Wakowo ndi wa matope. Isagundane." Ndiye pachitofu pali miphika iwiri, wina kuno wina uko, yafulatirana. Lachinayi ndimaphika wofiira, Lamulungu wathu. Za dzina tagwirizana chonchi: Lachinayi ine ndikamapakula ndimati "jambalaya wanu, bwana," Lamulungu iwo akamalandira mbale amayenera kunena "jambalaya" osatchula matope. Lero anayesa. Linatuluka movutikira ngati akumeza munga wa nsomba, koma linatuluka, ndipo Lucien ndi mboni.

Ndatumiza ya mbewu. Mpanda wa kumbuyo uja auze Adras akonze, tsopano ndi wapabanja, asamangodya.

Chatsala chinthu chimodzi, ndipo ndazungulira nacho tsamba lonseli. Abambo mfumu aja anati ndisamakubisireninso kanthu. Wophika amayenera kulawa, Amayi, ndi ntchito. Lachinayi loyamba ndinalawa kansonga ka supuni. Lachinayi lotsatira supuni yonse. Lachinayi lapitali ndinapezeka ndakhala pamakwerero ndi mbale yodzaza, ndipo palibe anandikakamiza.

Sakuposa wa Bambo. Sangayerekeze. Koma Amayi, wofiirayo amakoma.

Ndalemba ndi inki, ndipo sindifufuta. Ngati mukwere basi, imafika kuno 4 koloko. Mudzandipeza ndili pa siteji, ndidzakunyamulirani chikwama.

Ndine mwana wanu,
Ozeme Fuselier